Galimoto ya Bambo Yatalika

Wokondedwa mng'ono wanga Sipanala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa chija chimakuvuta ndi fumbi la kumgodi chinasiya? Chophimba kumphuno chija ukuvala, kapena chikungokhala m'thumba la ovolosi monga mwa masiku onse? Kuno tadzuka. Alamu ako ali bwino, ana akupita kusukulu. Amayi akudya bwino, ndipo pakamwa pawo pali bwino kwambiri, monga uone m'munsimu.

Ukaona zilembo zanga zapindika usadabwe. M'manja mwanga muli matuza asanu ndi awiri, ndawawerenga. Chifukwa chake ndichifika.

Sabata ino ndakuimbira foni kawiri. Koyamba tinakamba za mvula. Kachiwiri tinakamba za mpira, chinthu chomwe ukudziwa kuti sindichitsata n'komwe. Nkhani yeniyeni inakana kutuluka pakamwa. Ndiye ndailemba, ndipo ndipatsira mnzako wapantchito uja anabwera kutchuthi, akunyamuka mawa.

Ndiyambe ndi zomwe ukudziwa kale. Opaleshoni ya ng'ala ya Amayi ili pa 19 mwezi uno. Adokotala ananena mosabisa kuti akaphonya tsikuli, madokotala a maso adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo diso lamanzerelo silingadikire nthawi yonseyo. Lero ndi pa 6.

Chomwe sukudziwa ndi momwe mvula yawonongera msewu wokhotera kwa Amayi. Moponda matayala mwasanduka ngalande ziwiri, pakati patsala chitunda ngati mzere wa m'munda, kuyambira pa thiransifoma mpaka pageti. Ndi mamita 310. Galimoto zazing'ono zinasiya kulowako. Mwezi watha, nditawatenga Amayi kukayezetsa diso, pikapu ya Bambo inagunda pansi katatu. Kachitatuko kanamveka ngati munthu wamenya mphika ndi hamala pansi pa mpando. Amayi anangoti Bambo ako anayenda msewu uno zaka makumi awiri osagundapo. Sindinawayankhe kuti nthawi ya Bambo msewu unali msewu.

Kuchokera tsikulo mtima sunakhalenso m'malo. Ndikakhala mu ofesi ndinkangoona m'mawa wa pa 19, Amayi atavala bwino, chikwama pamiyendo, galimoto itakhala pachitunda ngati nkhuku yofungatira mazira, oilo akutsikira m'ngalande.

Sindinaiwale zomwe unandiuza ponyamuka. Unati dizilo ndithire, madzi ndithire, matayala ndipope, koma chilichonse chofuna sipanala chidikire mwini wake wa dzinalo. Ndinavomera pamaso pa Amayi.

Mng'ono wanga, galimoto ija ndinaikweza.

Usanaponye pepalali pansi, umve kaye kuti sindinachite mopupuluma. Ndinatenga masabata atatu. Ndinagula kope latsopano. Galimoto ndinakaiimika pa simenti ya kuntchito kwathu, chifukwa simenti imeneyo ndinaiyeza ndekha ndi makina athu oyezera malo ndipo ndikudziwa kuti siinapendekeke. Ndinayeza ngodya zonse zinayi, kuchokera pansi mpaka pa madigadi ophimba matayala. Ndinayeza thanki itadzaza, ndinayezanso ili pakati. Ndinayeza nditaika matumba awiri a mchenga pampando m'malo mwa Amayi ndi alamu ako. Alamu ako ataona thumba lomwe ndinalilemba dzina lawo sanandilankhule mpaka madzulo, akuti ndinasankha lalikulu.

Njira zinalipo zitatu. Yotchipa kwambiri inali ya masipesa, zitsulo zonga mbale zija amaika pamwamba pa masipuling'i akutsogolo, ndi mashako ataliatali kumbuyo. Ndikukufotokozera ngati sukudziwa, koma ndilole, Amayi akumvanso kalatayi. Mashako ndi tizitsulo tiwiri tija timalendeweretsa masipuling'i akumbuyo ku chasisi. Njira yachiwiri inali yowonjezeranso lifu imodzi, chitsulo chachitali chophwatalala, pa masipuling'i osanjikizana akumbuyowo. Yachitatu inali yosintha zonse, masipuling'i ndi mashoki omwe, zobwera m'katoni imodzi ya chithunzi cha galimoto ikukwera phiri. Mtengo wake ndinaufunsa kawiri poganiza kuti wogulitsayo watchula wa galimoto yapachithunziyo.

Ndalama yomwe ndinali nayo ndi ija ndinkasungira siling'i ya chipinda cha ana. Ndiye njira yachitatu inafera pomwepo.

Kusitolo ya zitsulo ndinapitako kasanu. Ulendo wachinayi mwini sitolo atandiona pakhomo anaitana akazi ake kuti abise mpando, abwana a kope abweranso. Anandiuza kuti anzanga amagula zimenezi ataimirira, injini ikulira panja. Ine ndinabwera ndi chida choyezera kuchindikala kwa chitsulo. Masipesa amtundu wina ndinawakana chifukwa mabowo ake anasiyana ndi theka la milimita. Ena ndinawakana chifukwa anali opepuka mokayikitsa. Iye anati ngati ndikufuna olemera andiwonjezera njerwa m'jumbo.

Ndinadera nkhawa chilichonse. Ndinawerenga kuti ukakweza kumbuyo osasintha mashoki, amafupika ndipo amakoka mpaka kumapeto pa bampu iliyonse. Ndinawerenganso kuti paipi ya mabuleki imakungika ngati chingwe cha gitala. Masiku awiri ndinakhala ndikuganiza za paipi imeneyo yokha. Pomaliza ndinasankha zapakati: masipesa achitsulo kutsogolo, lifu imodzi ndi mashako kumbuyo, mashoki aatali akumbuyo okha, ndi paipi yaitali ya mabuleki. Mashoki akutsogolo ndinawasiya, thumba linali litalira.

Ntchito ndinapatsa amakaniko a kuseri kwa depoti, aja unati ndi okhawo samenya bawuti ndi hamala. Ndinawatengera pepala lotayipa, masitepe khumi ndi anayi, bawuti iliyonse ndi mphamvu yomangira. Anawerenga, anaimba mluzu, n'kufunsa ngati ndine injiniya. Ndinati ayi, ndine woyeza malo. Anati n'chimodzimodzi, onse amavala nsapato zoyera. Sanandifunsenso kanthu.

Mashako akale anali atagwirana ndi dzimbiri, anachita kuwadula ndi galayindala. Pamenepa upasunge, pabweranso. Zina zonse zomwe anachotsa ndinazitenga, ndinazipukuta, ndinazimata timapepala ta mayina, zili pansi pa bedi.

Galimoto inakwera masentimita asanu ndi atatu. Ngodya zinayi zonse zinasiyana ndi mamilimita osakwana atatu. Ndinasangalala, sindinama. Ndinaijambula kuti ndidzakuonetse ukadzayamba kulalata.

Loweruka lapitali ndinanyamuka kupita kwa Amayi kukaiyesa. Pa thiransifoma sindinachepetse liwiro kwenikweni. Nditafika moyang'anana ndi mpopi uja, pamalo pomwe paja, phokoso lomwe lija. Mphika womwe uja, hamala yomwe ija.

Ndinaima. Kenako ndinatsika n'kugona chagada m'ngalande, buluku la ku ofesi lili m'thupi, n'kukwawira kunsi.

Difu, chibumphu chonga dzungu chili pakati pa ekiselo yolumikiza matayala akumbuyo chija, inali itapalika kunsi, ikuwala ngati supuni yatsopano. Dothi lili chimatire m'mbali. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana. Difu imakhala pa ekiselo, ekiselo imakhala pa matayala. Palibe sipesa, palibe lifu, palibe shako yomwe imaisuntha. Ndinakweza nyumba yonse, maziko n'kuwasiya pomwe anali.

Ndikudziwa kuti pano ukuseka. Seka umalize, chifukwa chotsatirachi n'chomwe chikundichititsa manyazi kwambiri. Masabata atatu onse aja sindinagonepo kunsi kwa galimoto ngakhale kamodzi. Ndinkayeza kuchokera pambali, nditaimirira kapena nditanjuta. Ndimaopa kukhala pansi pa chinthu cholemera, ukudziwa kuyambira tili ana. Chomwe chinkagunda sindinachione ndi maso. Ndinangoganiza kuti ndi mimba ya galimoto, n'kulemba choncho patsamba loyamba la kope, n'kudula mzere kunsi kwake.

Koma tsikulo linali lisanathe nane.

Nditafika pakhomo, Amayi anatuluka kuti tikazungulire pang'ono. Ukudziwa momwe amakwerera chiyambire kuvutika maondo. Dzanja lamanzere pafelemu ya chitseko, lamanja pa chogwirira cham'mwamba, phazi popondera, kenako amadzikoka. Maso safunikanso, thupi linaloweza. Anakweza mwendo, phazi linagunda chitsulo m'munsi mwa popondera. Anayesanso. Kachitatu anatsitsa mwendo pang'onopang'ono, n'kupapasa chitseko ndi dzanja, n'kundifunsa kuti kodi a Tepi, mwabwereka galimoto ya ndani.

Ndinati ndiwanyamule. Anati anandibereka kumsana zaka ziwiri, koma sanapemphe kuti ndidzawabwezere pamaso pa aneba ngati thumba la feteleza. Ndinabweretsa kireti. Anaigwedeza ndi ndodo n'kunena kuti chigwereni pa kampando kukhitchini chaka chatha, saponda chinthu chomwe sichinamere m'nthaka. Pamenepa sindiwatsutsa. M'mphepete mwa zinthu saonamo, ndipo akagwa kachiwiri tikamba za chiuno, osati diso.

Lamulungu ndinabwerera ndi khasu. Ndinakumba maenje awiri pafupi ndi khonde, akuya masentimita asanu ndi atatu, motalikirana ngati matayala a mbali imodzi. Ndinalowetsamo galimoto, inapendekera kwa Amayi ngati ikuwagwadira. Anakwera bwinobwino. Aneba aja oweta nkhumba anaima pampanda n'kufunsa ngati maliro a matayalawo ndi a lero, abwere ndi nyimbo.

Ndinaganiza kuti ndapambana. Alamu ako ndi amene anafunsa, mwaulemu wawo woluma uja, ngati kuchipatala andilolanso kukumba.

Lolemba ndinapita kuchipatala ndi tepi. Bwalo lonse ndi simenti yosalala. Malo okhawo okwera pomwe munthu angatsikire ndi poima ambulansi. Alonda anandipeza nditagwada pamenepo ndikuyeza. Anafunsa ngati ndatumidwa ndi a boma. Nditafotokoza, anati bambo, mukaima pano ngakhale mphindi imodzi tayala ndilimanga ndi unyolo, amayi anuwo adzachira maso n'kuona galimoto ili pomwepa. Anamwino a kumaso anandiwonjezera nkhawa ina. Akuti potuluka diso lidzakhala lomata, linalo ukudziwa kuti limangoona utsi, ndipo sayenera kudumpha kapena kudzigwedeza. Kukwera ndi kutsika kuwirikiza kawiri tsiku limodzi, kawiri pa simenti yopanda dzenje.

Kuchoka apo ndinapita kwa amakaniko nditakwiya. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sanandiuze za difu. Anaseka mpaka kukhala pa tayala. Anati ndikanangofika n'kunena kuti galimoto ikugunda pansi, akanasuzumira mphindi imodzi n'kundionetsa. Koma ine ndinabwera ndi pepala lotayipa, ndipo munthu wa pepala lotayipa samufunsa chomwe chikumupweteka. Anati chokweza difu ndi matayala aatali basi, anayi onse. Ndalama yake ndilibe, ndipo chitseko chikanakweranso kuposa pano. Chimene chikundiwawa n'choti ananena zoona, ndipo ananena akutafuna chingamu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinachita chomwe ndikanayamba nacho. Ndinayeza Amayi. Anagwira felemu ya chitseko cha kukhitchini, n'kukweza phazi pakhoma mpaka pomwe bondo limalola, alamu ako n'kulemba ndi choko. Anati zaka makumi anayi ndi zitatu akhala akudikira kuti tepi yanga iwafike. Zinangochitika kuti nambala yake inali yomweyo, masentimita 43. Ndinatsegula kope. Popondera pa galimoto, ndisanaikhudze, panali pa 43. Pano pali pa 51. Nambala imeneyo inali m'kope kuyambira tsiku loyamba, pa tsamba lachiwiri, ndipo sindinadzifunse kuti amapondapo ndani.

Ndiye ndaganiza zoitsitsa. Amakaniko akuti tikachotsa masipesa ndi lifu ifika pa 46. Atatu otsalawo ali m'mashako aatali. Ndawayesa Amayi pa njerwa zomwe ndinazimanga ndi simenti pa 46, phazi silikufika. Ndinaganiza zophwetsa matayala, koma ukatero difu imatsikanso. Pakufunika mashako aafupi, ndipo akale aja ndi aja anadulidwa. Mwini sitolo akuti a galimoto yakale ngati iyi sasunga, kuitanitsa ndi masabata asanu ndi limodzi. Ndazungulira magalaji ena anayi. Wina anafuna kundiwotcherera ake ndi zitsulo za geti. Ndinathawa.

Kenako ndinakumbukira kuti unanenapo kuti Bambo anasunga mashako awiri atsopano m'bokosi lobiriwira la zitsulo, akadali m'pepala la girisi. Bokosi lija unakhoma.

Ndinasaka kiyi ola lathunthu. Pamwamba pa kabati, m'zitini za misomali, m'matumba a jekete la Bambo. Amayi anakhala pakhonde akundimvera ndikugubuduza zinthu. Nditatopa anandiitana, n'kukoka kachingwe m'khosi mwawo. Kiyi ali pamenepo. Akuti unawapatsa tsiku lonyamuka n'kuwauza kuti asapereke kwa a Tepi ngakhale alire.

Ndinati Amayi, diso ndi lanu. Anati diso ndi lawo ndithu, koma mawu anapereka kwa mng'ono wanga, ndipo m'nyumba muno mwakwana munthu mmodzi wophwanya mawu. Anati ndikulembere ndekha, zonse, ndi manambala anga omwe, osabisa za difu. Ukawaimbira n'kunena kuti perekani, apereka. Ukapanda kuimba, kiyi akhala pomwe ali.

Alamu ako anandibweretsera sowo yodulira zitsulo. Ndinaima nayo pa bokosi lija. Loko ndi yemwe uja Bambo ankamuthira oilo Loweruka lililonse. Ndinalephera. Ndawononga kale chinthu chawo chimodzi popanda kufunsa.

Za matuza zija ndi izi. Aneba a nkhumba, atamaliza kundiseka, anafunsa chifukwa chomwe munthu wophunzira angakwezere galimoto m'malo motsitsa msewu. Ndinangobwereka piki. Kuyambira Lachiwiri ndikaweruka ndimathamangira kumeneko, ine kudula chitunda, iwo kukankhira dothi m'ngalande. Tamaliza mamita 95. Tikamayenda mamita 25 patsiku timaliza pa 15, mvula ikapanda kugwa. Pomwe tadulapo difu ikudutsa ndi mpata wa zala zinayi. Ndinagona kunsi n'kuyeza ndekha. Masiku ano ndimagonako, buluku linatha kale.

Anzanga a ku ofesi amva. Akuti woyeza malo wamkulu wayamba kukonza malo kuti agwirizane ndi zomwe anayeza.

Tsono pempho langa ndi ili. Kalatayi ikufika pa 8 kapena pa 9. Amakaniko akufuna masiku awiri, limodzi lotsitsa, lina lowongola matayala akutsogolo, ndipo ine ndikufuna tsiku lina loyeserera ndi Amayi. Kiyi akufunika pasanafike pa 14. Ukaweruka ukwere pachulu chija umati ndi pokhapo pamagwira netiweki, uwaimbire Amayi, uwauze mawu amodzi okha. Ngati mashakowo mulibe m'bokosimo, undiuze msanga, ndidziwe kuti ndiyambe kudandaula za chiyani.

Ndipo ngati pali china chomwe ndikulakwitsanso, undiuze m'mawu osavuta. Ndichita momwe wanenera, osawonjezera, osatayipa.

Chimwalirireni Bambo ndimakhala ndi mantha kuti chinthu chidzawonongekera m'manja mwanga iwe uli kutali. N'chifukwa chake ndimayeza kasanu. Ulendo uno mantha omwewo ndi amene anandigwiritsa sipanala. Sindikupempha kuti usakwiye. Ndikungopempha kuti kukwiyako ukusunge mpaka pa 20. Tsiku limenelo udzaimbe, ndidzakhala pansi, ndidzakumvera mpaka mayunitsi athe.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti mankhwala a msana aja alamu ako awapeza, atumiza ndi wobwera wina. Ana uwapsompsone. Wamkuluyo umuuze kuti masamu ndi abwino, koma azisuzumiranso kunsi. Alamu ako akupereka moni, akuti usachedwe kuimba chifukwa zitsulo za pansi pa bedi zikununkhitsa chipinda. Aneba a nkhumba akuti ukadzabwera udzawagulire mpini wa piki.

Mulungu akusunge pansi pa nthaka pomwe ukugwira ntchitopo, akutulutse wamoyo tsiku lililonse.

Ndine mkulu wako,
Tepi

Ndisanamate envulopu ndawawerengera Amayi monga analamula. Amvetsera yonse ali chigwirire kachingwe kaja. Akuti ndanena zoona, koma ndasiya chinthu chimodzi, ndipo ndilembe momwe anenera. Akuti tsiku la kiyi lija ndinaliradi, ndipo sanapereke. Uimbe.